Bampala ya winchi ya Land Cruiser 79 yopangitsa kwa amisiri owotcherera: kumaso n'kokongola, nanga kumbuyo?

Land Cruiser 79 ikatitimira m'makande a ku Chikwawa kapena m'dambo la ku Phalombe nthawi ya dzinja, mpaka madifu kukhala pansi, chotsala ndi winchi, makina a magetsi amene amakulunga chingwe pa dilamu kuti akoke galimoto. Koma winchi siikoka galimoto payokha. Imakoka pleti imene yakhalapo, pletiyo imakoka bampala, bampala imakoka chesisi kudzera pa mabauti asanu ndi atatu, mwina osakwana n'komwe. Pakati pa zonsezi pakakhala pamodzi pofooka, ndi pomwepo pamene pamathyoka, ndipo pamathyoka chingwe chili chokungika, anthu ali chiimire pafupi.

Pano tikuunika ntchito yopangitsa bampala yotere kwa amisiri owotcherera zitsulo, onga amene mumawapeza ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre ndi m'matauni ena. Maganizo athu tiwanene poyambirira: pa 79 yopanda ma airbag, ntchito imeneyi ndi yoyenera ndalama zake, ndipo mmisiri waluso amatha kutulutsa bampala yolimba ngati yochokera kunja. Koma zimatheka pokhapokha mwini galimoto atafika ndi winchi yake, ndi miyeso yake, ndi mabauti ake, n'kuiona ntchitoyo penti isanapakidwe. Mukangosiya galimoto n'kunena kuti "mundipangire ngati ya uje ija", mudzalandira chinthu chooneka bwino kumaso chimene sichinapangidwire kukoka matani asanu.

Mabampala a m'fakitale, monga a ARB, kampani ya ku Melbourne imene inayamba mu 1975, kapena a TJM ndi Ironman 4x4, ali ndi ubwino umodzi waukulu: mabulaketi ake anayezedwa pa chesisi yeniyeniyo ndipo amagwera m'mabowo amene Toyota anaboola kale. Vuto lake ndi mtengo. Muonjezerepo mayendedwe kuchokera ku South Africa, msonkho wa MRA ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Ya kwa mmisiri imatsika mtengo kwambiri, ikapindika imawongoleka komweko, ndipo mumaipanga molingana ndi ntchito ya galimoto yanu. Apa amisiri athu apambana, palibe kutsutsa.

Winchi igulidwe chitsulo chisanadulidwe. Lamulo limene opanga mawinchi amapereka ndi lakuti mphamvu ya winchi ikhale kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto itanyamula katundu wokwana. Kulemera kumeneku kwalembedwa pa kapleti ka galimoto, ndipo pa 79 kumakhala pafupifupi makilogalamu 3,200. Kuchulukitsa ndi 1.5 kukupereka 4,800. Ndiye kuti winchi ya mapaundi 8,000, imene ndi makilogalamu 3,630, yachepa. Ya mapaundi 12,000, makilogalamu 5,440, ndiyo yoyenera. Onaninso magetsi a galimoto: ma Land Cruiser ena akale a dizilo ndi a mavoti 24, pamene ambiri ndi a 12. Mawinchi ambiri a msinkhu umenewu, a Warn, Come-Up, T-Max ndi Runva, amamangidwa ndi mabauti anayi otalikirana mamilimita 254 m'litali ndi 114.3 m'lifupi. Mabowowo amafanana, inde, koma thupi la winchi silifanana. Kutalika kwa mota, pamene pali chogwirira cha klachi, ndi pamene pamakhala bokosi la magetsi zimasiyana. Mmisiri akapanga bampala winchi palibe, kawirikawiri mota imakagunda bulaketi, kapena chogwirira cha klachi chimabisika mkati moti dzanja silifikako, kenaka galainda imayamba kudya malo amene anafunika kukhala olimba.

Tsopano pa mabulaketi omangira ku chesisi, pamene ntchito yambiri ya amisiri imalephera. Ife tikati tiunike bampala timayamba kugona pansi, osati kuima kutsogolo.

Chofala ndi ichi: timapleti tiwiri ta mamilimita 5 kapena 6, tomangidwa ndi mabauti awiri mbali iliyonse m'mabowo a bampala yakale. Bampala yakale inali yopepuka ndipo sinkakoka kanthu. Winchi ya mapaundi 12,000 imakoka matani oposa asanu chingwe chikakhala pa mzere woyamba wa dilamu. Mukagwiritsa snatch block, kagudumu kodutsitsapo chingwe, n'kubweza mbedza pa bampala yomweyo, chesisi imalandira pafupifupi kawiri, matani okwana ngati 11. Ndipo mphamvuyo siibwera molunjika mabauti. Winchi imakhala pamwamba pang'ono kapena kutsogolo kwa mzere wa mabautiwo, choncho pokoka imafuna kuzunguza bampala yonse, ngati mmene khasu limazulira chitsa. Mabauti awiri oyandikana amakhala ngati hinji ya chitseko: bampala imagwada kutsogolo, kapena imadzuka n'kuswa gilili ndi nyali.

Bulaketi yabwino ndi ya pleti ya mamilimita 8 kapena 10, yokumbatira nsonga ya chesisi m'mbali ndi pansi, yolowa kumbuyo mamilimita osachepera 200, yokhala ndi mabauti anayi a M12 (okhuthala mamilimita 12) mbali iliyonse. Mabautiwo atalikirane mmene malo angalolere, ndipo ena akhale chopingasa, ena choimirira, kuti bampala isapeze njira yozungulira. Gwiritsani mabowo onse amene alipo kale, kuphatikizapo a mbedza zokokera za m'fakitale. Chesisi ya 79 ndi ya bokosi, mkati mwake ndi mphako. Bauti likadutsa mbali zonse ziwiri popanda kapaipi kokhuthala mkati kochirikiza makoma, mukamanga makomawo amafinyika, bauti limakhwepa pakatha masabata ochepa, bowo n'kuyamba kukula. Kapaipi kameneka ndi kachinthu kakang'ono kwambiri, kodula pa mphindi zisanu, koma amisiri ambiri amakadumpha chifukwa kulowetsa kwake n'kovuta ndipo mwini galimoto sakaona.

Mabauti mugule nokha. Pamutu pake palembedwe 8.8 kapena 10.9, manambala osonyeza kulimba kwa bauti. Bauti la M12 la 8.8 limapirira matani pafupifupi anayi lisanadulidwe chopingasa, la 4.6 limapirira theka lake. Ndodo yaitali ya mazinga imene imadulidwa n'kuikidwa manati mbali zonse nthawi zambiri ndi ya gulu lofewalo, isayandikire bampala ya winchi. Ikani mawashala okhuthala ndi manati a nyloc, okhala ndi pulasitiki mkati kuti asamasuke okha, ndipo mumange ndi sipanala yoyezera: M12 ya 8.8 imafuna ma Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti) 80 mpaka 85, ya 10.9 pafupifupi 115. Kumanga ndi paipi yoonjezera pa sipanala mpaka bauti kulira kumalitambasula, ndipo lotambasuka latha kale mphamvu.

Amisiri ena amakonda kuwotcherera bulaketi pa chesisi penipenipo, amati ndiye kulimba. Musalole. Moto umasintha chitsulo cha chesisi m'mphepete mwa chowotchereracho, ndipo m'misewu ya mabampu ngati wopita ku Nyika kudzera ku Thazima, mng'alu umayambira pamenepo. Komanso tsiku lofuna kuchotsa rediyeta kapena kuwongola bampala mudzayamba kudula chesisi ndi galainda.

Pleti yokhalapo winchi, imene amisiri amangoti thireyi, isachepere mamilimita 6. Pa winchi ya mapaundi 12,000 ife timati 8. Koma kukhuthala pakokha sikukwanira. Pleti yafulati yotambalala pakati pa mbali ziwiri za chesisi imapindika ngati uta. Iyenera kukhala ndi milomo yopindira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo, mamilimita 50 kapena kuposerapo, kuti ikhale ngati ngalande, ndipo ilumikizidwe mwachindunji ku mabulaketi a chesisi ndi timapleti ta makona atatu. Isapachikidwe pa nkhope ya bampala. Mphamvu iyende kuchoka pa winchi, kudutsa thireyi, kulowa m'mabulaketi, kufika ku chesisi. Nkhope ndi mapiko ndi chovala chabe.

Thireyi iyeneranso kukhala yosalala bwino. Miyendo inayi ya winchi ikakhala pa pleti yopotoka ndi moto, mukamanga mabauti thupi la winchi limapotoka nayo, dilamu imayamba kukhula, mota imadya magetsi ambiri, ndipo miyendo ya aluminiyamu imatha kusweka. Ikani lula yachitsulo pa thireyi chopingasa ndi cham'makona mukatha kuwotcherera. Mpata ukapitirira theka la milimita, iwongoledwe. Mabowo anayi aja abooledwe ndi dililu, a mamilimita 11 pa mabauti a M10, osati kuboola ndi rodi yowotcherera. Bowo loboola ndi moto limakhala lalikulu, lokhakhala, ndipo mutu wa bauti sukhala bwino. Mabauti a winchi akhale a utali umene buku lake lanena; lalitali limakagunda mkati mwa mwendo lisanagwire pleti.

Mawinchi ena amalola kumangidwa miyendo italoza kutsogolo, yotsamira pleti yoimirira. Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa pokoka winchi imakankha pleti m'malo modalira mabauti okha. Koma si winchi iliyonse imalola, werengani buku lake.

Pakamwa potulukira chingwe pamafunika diso. Fairlead, chida chimene chingwe chimadutsamo potuluka pa bampala, imamangidwa ndi mabauti awiri otalikirana mamilimita 254, ndipo pakati pake payenera kulunjika pamene chingwe chimachokera pa dilamu, pansi pake ngati miyendo ya winchi yaloza pansi. Ikakwera kwambiri, chingwe chimakhula mlomo wake nthawi zonse. Bowo la pa bampala likhale lalikulu kuposa la fairlead, m'mbali mwake mosalazidwa ndi fayilo, chifukwa chingwe cha ulusi wa Dyneema chikakhudza m'mphepete mwa pleti yodula ndi galainda chili chokungika, chimaduka msanga. Chingwe cha ulusi chimayenda ndi fairlead yosalala ya aluminiyamu. Cha waya chimafuna ya marola. Marola amene anadyedwa kale ndi waya amawononga chingwe cha ulusi. Pamwamba pa bampala pasiyidwe zenera loonera dilamu, apo ayi chingwe chimaunjikana mbali imodzi inu osaona, mpaka kuthyola timipiringidzo tolumikiza winchi.

Pamene amisiri amachepetsa chitsulo pa mabulaketi, pa nkhope amachulutsa. Ambiri amaganiza kuti bampala yolemera ndiyo yolimba, ndipo eni galimoto amakondwa akaigogoda n'kumva kuti ndi chitsulo chenicheni. Tiyeni tiwerengere. Pleti ya milimita imodzi imalemera makilogalamu 7.85 pa sikweya mita. Nkhope ndi mapiko a bampala ya 79 zimadya pafupifupi sikweya mita 1.2. Pa mamilimita 3 ndi makilogalamu 28. Pa mamilimita 6 ndi 57. Kusiyana kwa makilogalamu pafupifupi 30 kumeneku sikuonjezera kanthu pa kukoka. Pleti ya 3 kapena 4 yopindidwa m'makona, yokhala ndi nthiti mkati mwa mapiko, ndi yolimba mokwanira. Bampala yonse ndi thireyi ndi mabulaketi ikhale pakati pa makilogalamu 45 ndi 60. Winchi ya chingwe cha waya imaonjezera pafupifupi 40, ya ulusi pafupifupi 30. Zonsezi zili kutsogolo kwa ekiselo, kotero masipuling'i akutsogolo amamva zoposa kulemera kwenikweniko. Yezani kuchoka pakati pa habu kufika pa mlomo wa madigadi musanamange ndi mutamanga. Galimoto ikatsika kupitirira mamilimita 20, ikani makoyilo olimbirapo ndi mashoko oyenerana nawo, ndipo nyali ziwongoledwenso. Mtengo wa makoyilowo muuwerengere limodzi ndi wa bampala kuyambira pachiyambi.

Chitsulo chikhale chatsopano, cha mtundu wodziwika, monga S355 kapena mild steel wamba. Zidutswa za pa sikirapu zimakopa chifukwa cha mtengo, koma chitsulo cha sipuling'i kapena cha khasu la thirakitala chimang'aluka m'mbali mwa chowotcherera.

Pa maonekedwe, amisiri athu ndi akatswiri ndithu, ndipo njira yawo yoyamba ndi katoni ndi yolondola. Chidutswa chilichonse chidulidwe pa katoni, chimatidwe ndi tepi pa galimoto, muone nokha, kenaka chikopedwe pa pleti. Pamenepo ndi pamene muyenera kulankhula, chifukwa katoni ndi yotchipa. Pakati pa bampala ndi bodi pasiyidwe mpata wa mamilimita 15 mpaka 20 ponseponse. Bodi inakhala pa marabala, chesisi imapotoka galimoto ikamadutsa m'zigwembe, ndipo ziwirizi siziyendera limodzi. Mmisiri wofuna kuonetsa luso amathina mpatawu mpaka mamilimita 5, zimaoneka bwino pa galaja, koma ulendo umodzi wokwera Gorodi kupita ku Livingstonia madigadi amakhala atakwinyika. Mapiko akwere chakumbali kuti tayala lizikumana ndi mwala bampala isanagunde, ndipo tembenuzani siteringi mbali zonse kuona ngati tayala silikhudza. Bampala isatulukire kutsogolo kuposa mmene winchi ikufunira. Sentimita iliyonse yoonjezera imachepetsa chitunda chimene galimoto ingakwere osakhula chibwano.

Musaiwale mpweya. Injini ya dizilo ya 1HZ, imene ili m'ma 79 ambiri, ndi yopirira, koma kukatentha ku Nsanje mwezi wa Okutobala, itanyamula katundu, imafuna mphepo yonse imene rediyeta ingapeze. Winchi yatseka kale mbali ya pansi. Mukaonjezera pleti yotseka, nambala pleti ndi masipotilaiti awiri aakulu patsogolo pa gilili, muvi wa kutentha umayamba kukwera pa zitunda. Bokosi la magetsi a winchi lisamutsidwire pambali kapena mkati mwa boneti, ndipo pansi pa nkhope pabooledwe mipata yolowera mphepo. Maindiketa aoneke kutsogolo ndi cham'mbali, nambala pleti ikhale poonekera yosabisika ndi fairlead, kuti musavutike pa COF kapena pa rodibuloko. Oyenda ku Zambia ndi ku Zimbabwe asiye malo a zonyezimira zoyera kutsogolo.

Makutu okokera, momwe mumalowa shackle (chitsulo chooneka ngati U, chotsekedwa ndi pini, chokolekapo chingwe), ndi chinthu chimene chingaphe munthu chikapangidwa molakwa. Nthawi zambiri timaona khutu lowotchereredwa pankhope pa bampala, pa pleti ya mamilimita 3, mowotcherera mozungulira kunja kokha. Galimoto ina ikakoka ndi lamba wotamuka, khutulo limazuka pamodzi ndi shackle n'kuuluka ngati mwala wa legeni kulowera kwa wokokayo. Khutu loyenera ndi la pleti ya mamilimita 20 kapena 25, lodutsa pa bowo la nkhope n'kukalumikizidwa ku bulaketi ya chesisi, molunjika ndi chesisiyo, lowotchereredwa mkati ndi kunja. Chabwino koposa ndi kulidula limodzi ndi bulaketi kuti chikhale chitsulo chimodzi. Shackle ya matani 4.75 ili ndi pini ya mamilimita 22, choncho bowo likhale la 23 kapena 24, ndipo kuchoka m'mphepete mwa bowo kufika kunja kwa khutu pasachepere kukula kwa bowolo. Mmisiri akati zimenezi n'zovuta, ndi bwino bampala ikhale yopanda makutu kusiyana n'kukhala ndi okongoletsa, chifukwa tsiku lina munthu wosadziwa adzakolekapo chingwe.

Kawotcheredwe kenikeni ndi kamene kamasiyanitsa mmisiri ndi mmisiri. Rodi imene ili paliponse ndi 6013. Ndi yofewa kugwiritsa, imatulutsa mzere wokongola, ndipo pa mageti, mawindo ndi nkhope ya bampala ilibe vuto. Koma silowa kwambiri mkati mwa chitsulo chokhuthala. Pa mabulaketi, thireyi ndi makutu pamafunika 7018 ya mamilimita 3.2, pa ma ampi 110 mpaka 140. Rodi imeneyi imadana ndi chinyezi: ikhale m'paketi yotseka, ndipo imene yagona pa shelefu dzinja lonse imatulutsa timabowo mkati mwa chowotcherera. Imayakanso bwino pa makina a inverter a DC. Timakina ta thiransifoma topangidwa pamanja timavutika nayo, imangomatirira. Funsani mmisiri makina amene ali nawo musanagwirizane mtengo. Amene ali ndi makina a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa rodi, a mphamvu yokwanira ndi gasi wake, ndi bwinonso.

Pleti ya mamilimita 6 kupita m'mwamba isongoledwe m'mphepete ndi galainda kuti polumikizira pakhale ngalande ya V, pasiyidwe kampata ka mamilimita awiri pansi, ndipo pawotchereredwe mizere iwiri kapena itatu, kugogoda makoko onse pakati pa mzere ndi mzere. Kungogundanitsa mapleti awiri n'kuyendetsa rodi pamwamba kumagwira khungu lokha. Magetsi nawonso ali ndi mbali yake. Madzulo, anthu ambiri akayatsa zophikira, mphamvu ya magetsi a ESCOM imatsika m'makwalala ambiri, ndipo makina amapereka moto wochepa kuposa umene walembedwa. Chowotcherera chake chimatukumuka pamwamba ngati mbozi osasungunula m'mbali. Zigawo zonyamula mphamvu ziwotchereredwe m'mawa kapena pa jenereta yokwanira.

Ndondomeko yake ndi iyi: mabulaketi amangidwe pa chesisi ndi mabauti, thireyi ndi nkhope zigwiritsidwe ndi timadontho ta moto galimoto ili pamalo afulati, kenaka bampala ichotsedwe n'kukamalizidwa pa benchi. Podontheza pa galimotopo, mawaya onse a batire achotsedwe, ndipo chopanira cha earth chikhale pa bampala penipeni pafupi ndi powotcherera. Chikaikidwa kutali, magetsi amadutsa m'mabering'i ndi m'mawaya, n'kupsereza madayodi a alternator. Gilili, nyali ndi galasi ziphimbidwe, chifukwa nthethe za galainda zimalowa m'galasi osachokanso. Pa benchi, mabulaketi awiri alumikizidwe ndi chitsulo chogwirizira kuti asayandikane, ndipo mmisiri awotcherere pang'onopang'ono, masentimita asanu apa, asanu mbali inayo, kulola kuti pazizire. Akayendetsa mzere umodzi wautali, bampala imakokeka, mabowo sagweranso, ndiye amayamba kuwakulitsa ndi moto.

Apa ndi pamene muyenera kubwera nokha. Bampala ikamalizidwa, isanapakidwe kanthu, itembenuzeni muone mkati. Kunja amisiri amasalaza makona ndi galainda kuti aoneke ngati opinda, ndipo palibe cholakwa ngati mkati mwawotchereredwa mokwanira. Koma ngati mkati muli timadontho tokha, ndiye kuti galainda yadya chimene chinagwira bampalayo. Pa mabulaketi ndi makutu chowotcherera chisasalazidwe konse. Fila ya mabodi isapezeke paliponse. Yang'anani timabowo, ming'alu kumapeto kwa mzere, ndi ngalande zodyeka m'mbali mwa chowotcherera. Mmisiri wodzidalira sakana kuonetsa ntchito yake ili yosapaka. Ambiri amakondwa kuti wina waona kumene anavutikira.

Penti ndi pamene ntchito imathamangitsidwa. Khungu lakuda la pleti yatsopano lichotsedwe, chitsulo chipukutidwe ndi thina, papakidwe primer ya zinc phosphate kawiri, mkati momwe, kenaka penti ya 2K, imene imasakanizidwa ndi cholimbitsira. Pansi pa thireyi ndi m'mapiko pabooledwe mabowo a mamilimita 10 otulutsira madzi ndi matope, apo ayi dzimbiri limayambira mkati ndipo winchi imakhala m'chithaphwi.

Mawaya musasiyire wowotcherera, apite kwa wamagetsi a galimoto. Winchi ikamakoka mwamphamvu imadya ma ampi oposa 400. Mawaya akhale a 35 mm², kapena 50 mm² ngati mtunda watalika, okhala ndi malagi ofinyidwa bwino, ndipo onse awiri afike pa batire penipeni. Kudalira chesisi ngati njira yobwerera magetsi kumatenthetsa timawaya ta earth ta galimoto. Podutsa pa chitsulo pakhale rabala, ndipo pa waya wa positive paikidwe switchi yodulira ya ma ampi 500 pafupi ndi batire. Wayawu ulibe fyuzi. Ukakhulika n'kukhudza bampala usiku, galimoto imayaka. Batire lisachepere 650 CCA (muyeso wa mphamvu yake yolizira injini), injini ikhale ikulira pokoka, ndipo muzikoka pang'ono n'kupumira, chifukwa alternator siingabweze magetsi pa liwiro limene winchi ikudyera. Chingwe chikulungidwe kutsata muvi umene uli pa winchi, popeza buleki yake imagwira mbali imodzi yokha.

Pali magalimoto amene sitingawalimbikitse kupita nawo kwa mmisiri. Ngati pa siteringi palembedwa SRS AIRBAG, monga pa 79 za zaka zaposachedwa ndi pa Hilux zambiri kuyambira 2005, kutsogolo kwa galimoto kunapangidwa kuti kuzifinyika mwa muyeso, ndipo masensa amawerenga kugunda molingana ndi kufinyikako. Bampala yolimba yomangidwa mwachindunji imasintha zimenezi, airbag ikhoza kuphulika pa kugunda kochepa kapena kuphulika nthawi yolakwika. Opanga mabampala akuluakulu amayesa mabulaketi awo pa chifukwa chimenechi. Mmisiri alibe poyesera, ngakhale luso lake litakula bwanji. Pa galimoto yotere gulani yoyesedwa, kapena pangitsani thireyi yobisika kumbuyo kwa bampala ya m'fakitale osachotsa zigawo zofinyika.

China chimene chimatikhudza kwambiri ndi anthu a pamsewu. M'mbali mwa M1 mumayenda ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi akabaza. Bampala yachitsulo imavulaza munthu kuposa ya pulasitiki, ndipo zimenezi sizingathetsedwe, koma zikhoza kuchepetsedwa. Makona onse akhale obulungira, pasakhale nsonga, zokolekapo ndodo kapena mabulaketi a nyali otulukira kutsogolo, ndipo mashackle ndi mbedza zichotsedwe mukamayenda m'tauni. Mipiringidzo ya pamwamba, ngati mukuifunadi chifukwa cha ng'ombe ndi mbuzi za usiku, ikhale ya paipi ya mamilimita 60 yokhuthala 3, yopindidwa pa makina osaphwanyika pa kona, yopendekera kumbuyo kutsata nkhope ya galimoto, yosakwera kupitirira boneti. Paipi ya madzi ya galvanised siyoyenera: ndi yofewa, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa mmisiri.

Ndalama yomaliza iperekedwe bampala itayesedwa. Pezani mtengo waukulu pamalo afulati, muuzunguze lamba wotambalala kuti khungwa lisasupuke, tulutsani chingwe mpaka chotsala pa dilamu chikhale chozungulira kasanu ngati ndi cha waya, kakhumi ngati ndi cha ulusi. Poyamba kulungani chingwe chonse galimoto ikukokedwa mabuleki atagwira pang'ono, kuti chikhale chothina. Chingwe chatsopano chokulungidwa mokhwepa chimalowerera pakati pa mizere ya pansi n'kuphwanyika. Kenaka yezani mpata wa pakati pa bampala ndi madigadi mbali zonse, lembani, tulutsaninso chingwe, ponyani bulangete lolemera pakati pake, anthu onse atalikire, dalaivala aponde buleki, mukoke mpaka matayala ayambe kukhukhuluzika. Yezaninso mpata uja. Ukasintha ndi mamilimita opitirira awiri kapena atatu osabwerera, bampala yasuntha pa mabauti kapena bulaketi yapindika, ibwerere pa benchi. Bwerezani chingwe chitapatuka pang'ono kumanzere, kenaka kumanja, chifukwa m'matope mtengo supezeka kutsogolo kwenikweni. Mukatha, unikani ndi tochi m'mbali mwa zowotcherera za mabulaketi: penti yong'aluka mowongoka ndi chizindikiro cha mng'alu pansi pake. Mutu wa bauti lililonse ulembedwe mzere wa penti yoyera wofika pa bulaketi, kuti likazungulira muone ndi maso, ndipo onse amangidwenso ndi sipanala yoyezera pakatha makilomita 500 oyamba a msewu wafumbi.